Baturyn, likulu lakale la Akosaki lomwe latsala ndi anthu osakwana 3,000

Baturyn ili kumpoto kwa Ukraine, m'chigawo cha Chernihiv, pamwamba pa gombe la mtsinje wa Seim. Kalembera wa 2001, yemwe ndi yekhayo amene dzikolo lachita chilandirireni ufulu mu 1991, adapeza anthu pafupifupi 3,000. Ziwerengero za pambuyo pake ndi zongoyerekeza kuchokera m'kaundula wa obadwa, omwalira ndi osamuka, ndipo pofika 2022 zimasonyeza anthu 2,400 kapena kuposerapo pang'ono. Ngakhale kukula kwake ndi kwa mudzi waukulu chabe, boma lidaipatsa ulemu wa mzinda mu 2008 chifukwa cha mbiri yake.

Pa za dzina, nkhani yomwe alendo amauzidwa kawirikawiri ndi yoti idatchulidwa potengera Stefan Batory, mfumu ya Poland. Nkhaniyi imakoma kukamba koma zaka sizigwirizana. Batory adalamulira kuyambira 1576 mpaka imfa yake mu 1586, pomwe dera la Chernihiv lidali m'manja mwa Moscow kuyambira 1503 ndipo lidapita ku Poland pa pangano la Deulino mu 1618. Linga la Baturyn limatchulidwa koyamba m'zolembedwa mu 1625, mfumuyo itagona kale m'manda zaka pafupifupi 40. Akatswiri ena amaloza ku liwu lakale loti batura, lotanthauza nsanja kapena linga. Enanso amaona dzina la munthu, Batura, poti m'Chiyukireniya kachidutswa ka -yn kumapeto kamasonyeza umwini, monga momwe ife timanenera kuti kwa Auje. Mwa zitatuzi, ya mfumu ndiyo yofooka kwambiri.

Kutchuka kwa tauniyi kudabwera mu 1669 pomwe idakhala likulu la hetman, mtsogoleri wa Akosaki (anthu ankhondo omwe adali ndi ulamuliro wawowawo) a kum'mawa kwa mtsinje wa Dnipro. Demian Mnohohrishny adakhalamo, kenako Ivan Samoilovych, ndipo kuyambira 1687 Ivan Mazepa. Mu 1708, nkhondo ya Russia ndi Sweden ili mkati, Mazepa, yemwe adali mbali ya Russia, adatembenukira kwa Charles XII, mfumu ya Sweden. Peter I, mfumu ya Russia, adatumiza Alexander Menshikov ndi gulu lankhondo, chifukwa m'lingamo mudali mizinga, wonga ndi chakudya zomwe Asweden akadapulumukira m'nyengo yozizira. Asilikali a Dmytro Chechel, mkulu wa olondera lingalo, adakana kutsegula zipata. Mbiri imati msilikali wina wamkulu, Ivan Nis, ndiye adaulula njira yobisika yolowera. Tauni yonse idatenthedwa.

Tsiku lake mudzalipeza lolembedwa pawiri, 2 Novembala ndi 13 Novembala. Onsewo ndi olondola: loyambalo ndi la kalendala ya Julian yomwe Russia imagwiritsa ntchito nthawiyo, ndipo m'zaka za m'ma 1700 idali kumbuyo ndi masiku 11. Chiwerengero cha ophedwa nacho chimasokoneza. Olemba mbiri ambiri a ku Ukraine amati pakati pa 11,000 ndi 15,000, koma musachiyerekeze mwachindunji ndi anthu 2,400 a lero ngati kuti onsewo adali eni mudzi. M'menemo muli asilikali zikwi zingapo olondera linga komanso anthu a m'midzi yozungulira omwe adathawiramo. Akatswiri ofukula zakale, omwe adayamba kukumba malowa mu 1995, apeza phulusa la nyumba zopsa ndi mafupa a amayi ndi ana m'manda osaya.

Likulu lidasamukira ku Hlukhiv. Kyrylo Rozumovsky, hetman womaliza, adayesa kudzutsa Baturyn atasankhidwa mu 1750, koma Catherine II, mfumukazi ya Russia, adathetsa udindowo mu 1764. Nyumba yachifumu ya Rozumovsky, yomwe mapulani ake adajambula ndi Charles Cameron, idamangidwa pakati pa 1799 ndi 1803, ndipo mwini wake adamwalira chaka chomwecho cha 1803. Idakhala bwinja zaka zambirimbiri mpaka pomwe idakonzedwa n'kutsegulidwa mu 2009.

Njanji itadza m'zaka za m'ma 1800 idadutsa ku Bakhmach, osati ku Baturyn, ndipo malonda ndi ntchito zidatsatira njanjiyo. Lero achinyamata amapita ku Chernihiv, ku Kyiv kapena kunja, obadwa ndi ochepa kuposa omwalira, ndipo chiyambireni nkhondo yaikulu ndi Russia mu 2022 palibe kuwerenga kwatsopano komwe kwachitika.