Musathire mafuta m'kamera ya bambo anu

Sipatha sabata osabwera munthu pa tebulo langa logwirira ntchito kuno ku Johannesburg atanyamula kamera yakale ya filimu ndi envelopu ya zithunzi zachimbuuzi, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Komatu pamene ndinkajambula zonse zinkaoneka bwinobwino." Ndakonza makamera kwa zaka zoposa 20 ndipo mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa m'kamera ya mtundu wa rangefinder zinthu zimaoneka bwinobwino nthawi zonse, kaya lenzi mwaipotokola molondola kaya ayi, kaya chivindikiro cha lenzi mwachotsa kaya chikadali pomwepo. Kazenera komwe mumasuzumirako sikadutsa mu lenzi. Diso lanu lili ndi khomo lake, filimu nayo ili ndi khomo lake, ndipo munthu amene sanamvetse mfundo imeneyi adzangomwaza ndalama pa filimu ndi kotsukitsa popanda chogwirika.

Kutsogolo kwa kamera yotere kuli timazenera tiwiri totalikirana pang'ono. Kuwala kolowera pa kazenera kakang'ono kumagunda kagalasi kotembenuka n'kukaphatikana ndi zomwe mukuona pa kazenera kakakulu, n'chifukwa chake pakatikati pamakhala kabanga kowala, kawirikawiri kachikasu, momwe chinthu chimaoneka pawiri. Mukamapotokola lenzi, kamkono kam'kati kamasuntha kagalasi kaja, ndipo zithunzi ziwirizo zikakumana n'kusanduka chimodzi ndiye kuti mtunda mwaupeza. Njira imeneyi inafala ndi makamera a Leica II ndi Contax I mu 1932, koma zomwe abale athu amandibweretsera kawirikawiri ndi Canonet QL17, Yashica Electro 35 yomwe inayamba kutuluka mu 1966, Olympus 35 RC ya 1970, komanso Zorki ndi FED zopangidwa ku Soviet Union. Zambiri mwa izi zatha zaka pafupifupi 50 kapena kuposerapo, ndipo kulondola kwake konse kwatsamira pa kagalasi komwe kakangosuntha pang'ono ngati kunenepa kwa tsitsi, chithunzi chatha. Kugwa pa tebulo kamodzi kapena kugwedezeka m'ngolo ya katundu ya basi kuchokera ku Blantyre kudzera pa Beitbridge n'kokwanira kukasokoneza.

Choncho yesani kamera musanaikhulupirire. Kuno tili ndi mwayi chifukwa nsanja ya Hillbrow, yotalika mamita 269, imaoneka kuchokera m'madera ambiri a mzindawu. Imani pamalo otalikirana nayo kilomita imodzi kapena kuposerapo, potokolani lenzi mpaka pomwe yathera pa chizindikiro chonga 8 wogona, ndipo lozetsani kabanga kaja pa nsonga ya nsanjayo. Nsonga ikaoneka imodzi, zili bwino, koma zikaoneka ziwiri ndiye kuti kamera ikufunika mmisiri. Usiku mwezi umagwira ntchito yomweyo. Mukatero matani nyuzipepala pakhoma, yezani mita imodzi ndi tepi kuchokera pomwe filimu imagona kumbuyo kwa kamera, phatikizani zithunzi ziwiri zija, ndipo muone ngati nambala ya pa lenzi yafika pa 1. Pomaliza jambulani mpukutu umodzi wotsika mtengo n'kukautsukitsa. Ukwati, ubatizo kapena ulendo wa kumudzi si malo oyeserapo kamera yomwe simunaonepo zithunzi zake.

Za chivindikiro ndinene mwachidule, ngakhale zimapweteka mbali zonse ziwiri. Mukaiwala kuchichotsa, makamera ambiri amalira monga mwa masiku onse ndipo filimu imatuluka yopanda kanthu. Mukachitaya n'kusiya kamera chagada padzuwa, lenzi imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi n'kuboola shutter (kotchinga komwe kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa filimu), makamaka mu Leica, Zorki ndi FED momwe shutter yake ndi nsalu yakuda yopakidwa labala, yopanda galasi loitchinga kutsogolo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa la kuno ndi laukali, ndipo kanthawi kochepa pa mpando wa galimoto kamakwanira. Vundukulani pojambula, vindikirani mukangomaliza, mpaka dzanja lizolowere lokha.

Eni a Zorki ndi FED amve izi bwino: yambani mwakoka filimu, kenako sinthani liwiro la shutter. Mukayamba ndi kusintha liwiro, kachitsulo kosankhira liwirolo kamagwera pamalo olakwika, ndipo mukakakamiza kamapindika kapena kuthyoka. Pa kamera iliyonse yakale, chinthu chikakana kuyenda, pali chifukwa chake, ndipo mphamvu ya chala chanu ndi yaikulu kwambiri kuposa timano ta mkuwa tomwe tili m'katimo.

Pali nkhani imodzi yomwe imandivutitsabe mumtima. Kunabwera bambo ena achikulire ochokera ku Ntcheu, omwe amagwira ntchito yoyendetsa galimoto kuno, atanyamula Canonet m'kachikwama kake kachikopa. Kamerayo inali ya malemu bambo awo, omwe anaigula ali ku migodi pa nthawi ya Wenela, boma la Malawi lisanaimitse kutumiza anthu ku migodi ya kuno mu 1974, ndipo inakhala m'sutikesi kumudzi zaka zonsezo mpaka mwini wake atatisiya. Shutter inali itamatirira, matenda odziwika a kamera zimenezi, pamene girisi wakale amasungunuka n'kufika pa timasamba tachitsulo tomwe timayenera kukhala touma. Nditatembenuza pang'ono kachitsulo kobwezera filimu ndinamva kulimba, ndipo ndinati: "Bambo, kumbuyoku musatseguleko, m'katimu muli filimu." Ndinawauza kuti ntchitoyo itenga masabata atatu chifukwa panali makamera ena patsogolo. Iwo anati: "Achimwene, masabata atatu achuluka, chinkhoswe cha mwana wanga chili pa masabata awiri, ndipo ndikufuna ndikamujambule ndi kamera ya agogo ake." Anaitenga n'kumapita.

Anakaipereka kwa mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni, yemwe analonjeza kuimaliza tsiku lomwelo. Choyamba chomwe anachita n'kutsegula kumbuyo masanasana kuti aone m'kati. Kenako anapopera mu shutter mafuta a m'chitini aja omasulira mabawuti adzimbiri, anachotsa chivindikiro chapamwamba, ndipo ataona kagalasi kooneka ngati kada, anakapukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Kagalasi kameneko ndi komwe kamaphatikiza zithunzi ziwiri zija, ndipo chomwe chimakapangitsa kutero ndi chitsulo chopyapyala kwambiri chopakidwa pamwamba pake, chomwe pa kamera yokalamba chimachoka ndi kupukuta kumodzi. Kabanga kachikasu kanatheratu. Shutter inayamba kulira ndithu, chifukwa mafuta akadali amadzimadzi timasamba timatsetsereka, ndipo bambo aja, omwe sankadziwa kuti pakati payenera kukhala kabanga, anasuzumira, anaona zonse zili mbee, n'kulipira mokondwa.

Anajambula mipukutu itatu ku Ntcheu, zithunzi 108. Pofika tsiku la chinkhoswe mafuta aja anali atayamba kugwira fumbi ndi kulimba, kotero shutter inkachedwa kutseka, pena osatseguka n'komwe, ndipo mtunda ankangouganizira. Mwa zomwe zinatuluka panalibe ngakhale chimodzi choti munthu n'kuzindikirapo nkhope ya mkwatibwi. Atabwerera anakhala pa mpando wa patsogolo panga n'kunena motsitsa mawu kuti: "Achimwene, chitani chilichonse chomwe mungathe." Shutter ndinaimasula yonse n'kutsuka tsamba lililonse palokha, ndipo kagalasi ndinachita kudikira miyezi kuti ndikapeze pa Canonet ina yakufa. Zithunzi za chinkhoswe zinapezekako m'mafoni a achibale. Chomwe sichinabwerere ndi filimu ya malemu aja. Filimu yakuda ndi yoyera imatha kusunga zithunzi kwa zaka zambirimbiri ngati siinaone kuwala, ndipo n'kutheka kuti m'menemo munali nkhope za anthu a kwawo kapena za anzawo a ku mgodi. Kuikulungira m'kachitini kake kukananditengera mphindi imodzi tsiku loyamba lija, koma ndinali ndi ntchito ina m'manja ndipo ndinangochenjeza pakamwa. Kuyambira pamenepo, kamera ikabwera ndi filimu m'kati ndimaikulunga mwini wake asanadzuke pa mpando.

Sindikunyoza okonza mafoni, ntchito yawo amaidziwa ndipo ine foni yanga ndimapita nayo kwa iwo. Koma kamera ya makina ili pafupi ndi wotchi yamanja kusiyana ndi foni, ndipo amene akunena kuti aikonza inu mukuyembekezera pomwepo akufuna ndalama yanu chabe. Safunsa anadya phula, choncho funsani musanaisiye. Mufunseni kuti shutter yomatirira amaichita bwanji, ndipo akangotchula zopoperamo kapena kudonthezeramo mafuta, ngakhale a makina osokera, nyamulani kamera yanu. Timasamba ta shutter timatsukidwa n'kusiyidwa touma, ndipo mafuta apadera amapita pa malo owerengeka okha, kadontho kochepa ngati nsonga ya singano. Mufunseni ngati ali ndi chida choyezera liwiro la shutter, chifukwa khutu silingasiyanitse 1/250 ndi 1/500 ya sekondi. Yang'ananinso mitu ya tizomangira ta pa kamera zomwe wakonzapo kale, chifukwa ikakhala yotafunidwa ndiye kuti amagwiritsa ntchito zida zosayenera, ndipo yanu adzaitafunanso chimodzimodzi. Chimodzimodzinso inu eni: mavidiyo a pa YouTube amaonetsa kamera ikumasulidwa mosavuta, koma saonetsa kasipuling'i kakulumpha n'kusowa pansi pa kabati.

Kuchedwa nako kumapha makamera ambiri monga momwe amachitira amisiri ongodziika. Kamera yomwe yakhala m'sutikesi nyengo zamvula zambiri, makamaka m'madera achinyezi a m'mphepete mwa nyanja ngati Nkhata Bay ndi Nkhotakota, imamera chuku mu lenzi, ndipo chikwama chachikopa chimasunga chinyezicho. Mukaunika ndi tochi mudzaona timizere tonga ukonde wa kangaude. Chikadali chaching'ono chimatsukika, koma chikakhalitsa chimadya pamwamba pa galasi n'kusiya zipsera zomwe palibe mmisiri angazifafanize. Batire loiwalika m'kati limatulutsa madzi omwe amayenda m'kawaya mpaka kukawononga zam'kati, ndipo ndaonapo ma Yashica ambiri atafa motero pamene kuchotsa batire kukanawapulumutsa. Siponji yakuda ya m'mphepete mwa chitseko chakumbuyo imasanduka phala lomata, kuwala kumalowa n'kusiya mizere yofiira pa zithunzi, ndipo zinyenyeswa zake zimakafika mu shutter. Kusintha siponjiyo ndi ntchito yaing'ono, koma anthu amadikira mpaka yaononga zina.

Pa za mabatire, Canonet QL17 ndi Olympus 35 RC zinapangidwira batire la mercury la mavolti 1.35 lomwe linaletsedwa kalekale. Mukaikamo la 1.5 lopezeka m'masitolo, choyezera kuwala chimanama. Batire la nambala 675 la tizipangizo tothandiza kumva limapereka pafupifupi 1.4 ndipo limagwira bwino, kungoti silikhalitsa. Makamera awiriwa amajambulanso popanda batire ngati musankha nokha manambala, ndipo padzuwa la masana kuno, ndi filimu yolembedwa 200 pa kabokosi kake, liwiro la 1/250 pa f/16 (nambala ya kukula kwa bowo la lenzi) silikukhumudwitsani. Yashica Electro 35 yokha popanda batire imangolira pa 1/500.

Nthawi ya Khirisimasi ikamayandikira ambiri a inu mupita kumudzi, ndipo ena mukapeza kamera m'katundu wa makolo. Musatsegule kumbuyo. Tembenuzani pang'onopang'ono kachitsulo kobwezera filimu motsatira muvi wake: kakamazungulira mopepuka osaima ndiye kuti mulibe kanthu, koma kakalimba lekerani pomwepo, chifukwa filimu yakale ndi yosachedwa kuduka. Chotsani batire ngati chitsekero chake chikumasuka popanda kukakamiza, itulutseni m'chikwama chachikopa, ikulungeni m'chovala chouma, ndipo pobwerera ikhale m'chikwama cha pamiyendo panu, osati m'ngolo ya katundu momwe mumatentha ndi kugwedezeka. Mukafika, ipititseni yotseka chomwecho kwa wotsuka filimu kapena mmisiri wa makamera, ndipo mumuuze chaka chomwe mukuganiza kuti inajambulidwa komaliza, chifukwa filimu yokalamba imatsukidwa mosiyana ndi yatsopano.