Namwino wa masters ya opaleshoni sang'amba munthu

Mu Chipata mukamveka kuti mwana wa uje, yemwe ndi namwino, wapita ku Lusaka kukaphunzira masters ya medical-surgical nursing, achibale amayamba kale kulengeza kuti akadzabwera azidzang'amba anthu ngati dokotala. Maganizo amenewa ndi akale, koma ndi olakwika.

Mawu oti surgical, otanthauza za opaleshoni, ndiwo amasokoneza. Maphunzirowa amakhudza chisamaliro cha odwala akuluakulu m'mawodi: a shuga, a BP, a impso, ndi amene akukonzekera opaleshoni kapena angotuluka kumene ku thiyeta. Mpeni umakhalabe m'manja mwa dokotala, kapena medical licentiate, amene kuno ku Zambia amaphunzitsidwa kuchita maopaleshoni ena monga a amayi oyembekezera.

Nanga namwinoyo amakatengako chiyani? Taganizirani usiku woyamba munthu atachitidwa opaleshoni ya m'mimba ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Mtima ukayamba kugunda msanga, BP nkumatsika, mkodzo nkuchepa, n'kutheka kuti magazi akutayikira m'kati. Dokotala sakhala pambali pa bedi usiku wonse. Namwino ndiye amaona zimenezi nkuitana thandizo nthawi isanathe. Masters imanola diso limeneli, komanso imamuphunzitsa kuchita kafukufuku, kuyendetsa wodi ndi kuphunzitsa anamwino achichepere.

Ngakhale atamaliza, dzina lake limakhalabe m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council of Zambia, osati wa madokotala.