Chenjezo kwa ogwira ntchito padoko: mnzanu akagwa m'chipinda cha katundu, musatsike kukamutenga

Uthenga uno ukupita kwa nonse amene mumakweza ndi kutsitsa katundu m'sitima zapamadzi, makamaka inu amene mumalembedwa ganyu sitima ikakocheza padoko. Taulemba chifukwa cha mawu amene timawamva kawirikawiri, akuti munthu akagwa pansi m'chipinda cha katundu ndiye kuti wakomoka ndi njala, kutentha kapena kutopa, choncho chofunika n'kutsika msanga kukamudzutsa. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi amene amachititsa kuti ngozi ya munthu mmodzi isanduke maliro a anthu awiri kapena atatu.

Ngozi zina zapadoko mukuzidziwa kale. Katundu amapulumuka pa kireni n'kugwera amene ayima pansi pake, timagalimoto tonyamulira katundu (ma forklift) ndi malole amagunda oyenda pansi, zingwe zomangira sitima zimaduka n'kukwapula aliyense amene ali pafupi, ndipo anthu amagwa kuchokera pamwamba pa makontena pomanga kapena kumasula zitsulo zake. Msana umawonongeka ndi kunyamula zolemera, makutu nawonso amagontha pang'onopang'ono ndi phokoso la makina. Zonsezi zimaoneka ndi maso kapena kumveka, ndiye munthu amadziwa kuziopa. Chimene chatidetsa nkhawa ndi ngozi imene sioneka, yomwe ndi mpweya woipa wa m'zipinda zotsekeka.

Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni wokwana magawo 21 pa 100 alionse. Chipinda cha katundu chikakhala chotseka kwa milungu ingapo paulendo, katundu amene ali m'katimo amatha kudya okosijeniyo. Zipika za mitengo, utuchi woumbidwa, mbewu monga tirigu ndi chimanga, malasha ndiponso zitsulo zakale zimene zikuchita dzimbiri zonse zimatero, ndipo zina mwa izo zimatulutsanso mpweya woopsa wotchedwa carbon dioxide kapena carbon monoxide. Okosijeni akatsika n'kuchepera magawo 19.5 pa 100, malowo sayeneranso kulowamo munthu, ndipo akachepa kwambiri munthu amagwa atangopuma kangapo, osamva kubanika kapena kupeza mpata woitana anzake. Ubongo ukasowa okosijeni umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zinayi kapena zisanu.

Apa m'pamene pali vuto lenileni. Amene ali pamwamba akaona mnzawo wagona pansi pa makwerero, amaona chipinda chooneka bwinobwino, chopanda utsi ngakhale fungo, ndipo mtima umawauza kuti atsike. Sitikudzudzula chifundo chimenechi, chifukwa n'zowawa kuona munthu amene mumadya naye limodzi ali gone inu n'kungoyang'ana. Koma mpweya umene wamugwetsa iyeyo ukadali pomwepo, ndipo udzagwetsanso inuyo pamalo omwewo, ngakhale mutakhala amphamvu chotani. Zikatero, gulu lopulumutsa anthu likafika limapeza anthu awiri oti awatulutse, ndipo nthawi imene ikanapulumutsa woyamba uja imatha.

Ena amanena kuti adzagwira mpweya m'chifuwa potsika. Palibe munthu angatsike makwerero aatali, kunyamula mnzake wolemera ngati iye mwini n'kukwera naye asanapume. Ena amakhulupirira kansalu konyowa kapena chophimba pamphuno chotchinga fumbi. Zinthu zimenezi zimangosefa fumbi basi, sizipanga okosijeni pamene palibe. Chokhacho chimene chingalole munthu kulowa m'malo otere ndi chida chopumira chokhala ndi botolo lake la mpweya, ndipo achivale ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuchigwiritsa ntchito, atamangidwa chingwe, wina akumuyang'anira pakhomo.

Musanyengedwenso ndi chivundikiro chachikulu cha chipinda chimene chatsegulidwa. Kanjira kopapatiza kokhala ndi makwerero, kamene anthu amatsikira m'chipindamo, kamatha kusunga mpweya woipa ngakhale pamwamba pali potsegula, chifukwa carbon dioxide ndi wolemera ndipo amakhazikika pansi. Pamene mpweya sunayezedwe ndi chida, kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni, palibe amene ali ndi ufulu wokuuzani kuti mulowe, ngakhale kapitawo.

Makontena nawonso ali ndi ngozi yofanana. Katundu wambiri amathiridwa mankhwala ophera tizilombo monga phosphine ndi methyl bromide asananyamuke, ndipo si nthawi zonse pamene chikwangwani chochenjeza chimakhalapo pachitseko. Nthawi zina phosphine amamveka ngati adyo kapena nsomba yovunda, koma mphuno si chida choyezera, ndipo methyl bromide alibe fungo loti lingakuchenjezeni. Munthu amene wapuma mankhwalawa amamva mutu, chizungulire, mseru kapena chifuwa chothina, kenako amatha kuoneka ngati wachira, koma patapita maola angapo mapapo n'kuyamba kudzaza madzi. Choncho aliyense amene wamva zizindikirozi atatsegula kontena apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo auze adokotala katundu amene anali m'katimo. Tikudziwa kuti aganyu ambiri amabisa zoterezi poopa kuti mawa sadzatengedwanso, koma kugona kunyumba ndi mapapo otere n'koopsa kwambiri.

Malamulo oteteza inu alipo. Mu 1979 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa Pangano nambala 152 lokhudza chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito padoko, ndipo limanena kuti wolemba ntchito aphunzitse antchito ake za ngozi za ntchito yawo asanawatume. Malamulo oteteza moyo panyanja otchedwa SOLAS, amene amayendetsedwa ndi bungwe loona za maulendo apanyanja padziko lonse la IMO, amalamula kuyambira mu 2015 kuti ogwira ntchito m'sitima aziyeserera kulowa ndi kupulumutsa anthu m'malo otsekeka kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo kuyambira pa 1 July 2016 sitima zimayenera kukhala ndi chida chonyamulika choyezera okosijeni, mpweya woyaka, ndiponso mpweya wapoizoni wa hydrogen sulphide ndi carbon monoxide. Ndiye mukafunsa ngati mpweya wayezedwa, simukuchita mwano kapena ulesi, chifukwa chidacho chiyenera kupezeka.

Kwa inu mabwana ndi akapitawo, maphunziro achitetezo asamathere pa kusainitsa pepala ndi kugawa zipewa zolimba. Munthu amene walembedwa m'mawa uno ndi amene sadziwa kuti katundu wa lero ndi wotani, ndipo ndi iyeyo amene angathamangire m'chipinda mnzake akagwa. Muuzeni m'chinenero chimene amamva, mumuonetse makomo amene saloledwa kulowa, ndipo gulu lonse liyeserere zopulumutsa munthu mpaka aliyense adziwe mbali yake popanda kufunsa. Makomo a zipinda zimene sizinayezedwe akhale okhoma ndi olembedwa chenjezo.

Mukaona mnzanu wagwa m'chipinda cha katundu kapena m'kontena, fuulani kuti ena amve, dziwitsani kapitawo ndi oyang'anira sitima nthawi yomweyo, ndipo itanitsani ambulansi. Imani pakhomo n'kuletsa wina aliyense kulowa, ngakhale akhale m'bale wake weniweni wa wogwayo. Ovala zida zopumira akamutulutsa, mugonekeni pamalo opita mphepo, ndipo ngati sakupuma yambani kumupsinja pachifuwa mosalekeza mpaka azachipatala afike. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, asabwerere pantchito asanapimidwe kuchipatala.