Kutentha si chifukwa choti tayandikira dzuwa ayi

Anthu ambiri, ngakhale ena opita kusukulu ndithu, amati kukatentha ndiye kuti dziko layandikira dzuwa, kukazizira ndiye latalikira. Zimamveka ngati zoona eti, koma tangoganizani, zikanakhala choncho bwenzi dziko lonse likutentha nthawi imodzi, nanga bwanji mu Januwale ku London amavala majekete pomwe ku Johannesburg anthu ali thukuta kamukamu? Ndipotu kumayambiriro kwa Januwale mpomwe dziko limayandikira kwambiri dzuwa, makilomita pafupifupi 147 miliyoni, mu Julayi amafika 152 miliyoni. Nkhani yake ndi yoti dzikoli ndi lopendekeka madigiri pafupifupi 23.5, ndiye mbali yomwe yaweramira kudzuwa imawombedwa mwachindunji komanso masana amatalika, basi kumatentha, mbali inayo kukuzizira.