Mizinga ya wonga wakuda ndi chala chimene chimatseka kabowo

Amalawi amene amagwira ntchito mumzinda wa Cape Town akukudziwa kugunda kumene kumachokera paphiri la Signal Hill ikangokwana 12 koloko masana. Mlendo amadzidzimuka, nkhunda zimabalalika, eni mzinda amangoyang'ana wotchi. Chimene chimagunda ndi mzinga wakale wothirira wonga kukamwa. Mwambowu unayamba mu 1806 kuti oyendetsa sitima za padoko azikonzera mawotchi awo, ndipo mizinga iwiri imene asilikali apamadzi amagwiritsa ntchito inapangidwa mu 1794.

Kumeneko ndi ntchito ya boma. Koma ku America ndi ku Britain kuli anthu wamba, aphunzitsi, alimi, amakaniko, amene amagula kapena kupangitsa mizinga yotereyi ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kumaiwomba Loweruka ndi Lamlungu monga ena amapitira kumpira. Ku America ambiri amatsanzira nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Gulu la North-South Skirmish Association, limene linayamba mu 1950, limachita mipikisano yowomba chandamale ndi zipolopolo zenizeni ku Fort Shenandoah, m'chigawo cha Virginia. Ku Britain gulu la Sealed Knot, la mu 1968, limasewera nkhondo za m'ma 1640, ndipo mizinga yake imatulutsa phokoso ndi utsi wokha, popanda chipolopolo.

Ine ntchito yanga ndi yoyeza zitsulo zosunga mphamvu yopanikizika, monga matanki a gasi ndi maboyila. Ndikaona mzinga ndimaona chiwiya cha mtundu womwewo, kungoti ichi chimalandira mphamvu yake yonse m'kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake anthu amenewa ndimawalemekeza, ndipo chimene ndimawalemekezera ndi mwambo umene amautsata asanawombe.

Tiyambe ndi wonga. Ndi womwe uja agogo athu ankathira mu gogodela. Unachokera ku China cha m'ma 800, ndipo uli ndi zinthu zitatu: mchere wa potassium nitrate, makala ndi sulufule. Mcherewo ndi umene umapereka mpweya woyatsira moto, choncho wonga suyembekezera mphepo ya panja kuti uyake, umayaka ngakhale utatsekeredwa. Kambaliwali kamodzi kokha kamakwanira. Ukayaka, gawo loposa theka la kulemera kwake silisanduka mpweya, limatsala ngati utsi woyera wochindikala ndi mwaye womata mkati mwa mpope. Mwaye umenewu muukumbukire, chifukwa mavuto ambiri amabisala mmenemo.

Mu 1884 Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga wonga wopanda utsi, kholo la umene uli m'zipolopolo za masiku ano. Mphamvu yake imaposa kutali ya wonga wakuda. Kuuthira mumzinga wa chikale n'kupanga bomba, ndipo palibe gulu la masewerawa limene limaloleza ngakhale supuni imodzi.

Mzinga umene okonda zimenezi ku America amaunyadira kwambiri ndi Napoleon wa mu 1857. Mpope wake ndi wamkuwa, wolemera makilogalamu pafupifupi 560, ndipo bowo lake ndi lotambalala mamilimita 117. Pankhondo unkadya wonga wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi n'kuponya mpira wachitsulo wa makilogalamu 5.5 mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Mkuwa ankaukonda chifukwa ukatopa umayamba watupa kapena kung'aluka, mwini wake n'kuona. Chitsulo chothira m'chikombole sichichenjeza, chimasweka ngati mphika, zidutswa n'kuulukira mbali zonse. Mfumu James II ya ku Scotland inafa mu 1460 ku Roxburgh mzinga wake womwe utaphulika ili chapafupi. Pa 28 February 1844 mzinga waukulu wosula, wotchedwa Peacemaker, unaphulika pasitima ya USS Princeton pamtsinje wa Potomac n'kupha anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo nduna ziwiri za boma, Abel Upshur ndi Thomas Gilmer. Pulezidenti John Tyler anali m'sitimamo koma anapulumuka.

Ngati amisiri a mafumu ankalephera chonchi, nanga munthu wowotcherera paipi yamadzi kuseri kwa nyumba? Paipi yamadzi ili ndi msoko woyenda m'litali mwake, ndipo msoko ndi pamene pamang'ambika. Masiku ano mizinga yambiri yotsanzira yakale amaiika mkati paipi yachitsulo cholimba yopanda msoko, ndipo amisiri amafuna kuti khoma lozungulira pamene wonga umayakira lichindikale mosachepera kutambalala kwa bowo lenilenilo. Mzinga weniweni wa zaka 150 umafunika kuuyeza ndi makina oona ming'alu yamkati, chifukwa dzimbiri limadya kumene diso silifika.

Komabe ngozi imene anthu amenewa amaiopa koposa imachitika mzinga uli wabwinobwino. Akawomba kamodzi, m'mwaye muja mumatha kutsala kakhala kamoto kapena kachidutswa konyeka ka thumba la wonga. Wina akalowetsa wonga watsopano n'kuukankha ndi ndodo, umayaka ndodoyo idakali m'manja mwake. Ndodo imauluka ngati mkondo n'kutenga dzanja. Dongosolo lonse lowombera linakonzedwa kuti lizime kakhala kameneka.

Pamzinga wa Napoleon pamaima anthu asanu ndi awiri ndi mtsogoleri wawo, aliyense ndi nambala yake ndi ntchito yake imodzi. Utsi ukangotha, wa nambala 3 amatseka kabowo koyatsira kamene kali pamwamba chakumbuyo kwa mpope. Amakatseka ndi chala chachikulu chovala chikopa, chifukwa chitsulo chimatentha, ndipo sachotsapo chalacho mpaka wonga utakhazikika. Wina amalowetsa ndodo yokhala ndi ngowe zopotana kuti akoke zotsalira. Kenako wa nambala 1 amaviika m'ndowa ndodo yokutidwa ndi ubweya wa nkhosa, n'kuilowetsa mpaka pansi, kuipotoza, n'kuisolola.

Apa ndi pamene ntchito ya chala chija imaonekera. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi wosula makasu akudziwa mvukuto. Chipukutiro chothina chikamalowa ndi kutuluka mumpope kabowo kali kotsegula, mzinga wonse umasanduka mvukuto, mphepo imadutsa, khala limene limafuna kuzima limakolera. Kabowo kakatsekedwa mphepo siyenda, ndipo posolola chipukutiro mpweya umachepa mkatimo, khala n'kuzima. Ndikauzidwa kuti ndisankhe munthu woyenera kumukhulupirira pagulu lonselo, ndingasankhe wa nambala 3, pakuti dzanja la mnzake lili pachala chake.

Wonga umabwera wokulungidwa kale m'kathumba koyezedwa. Masiku ano amakulunga m'chipepala cha aluminiyamu m'malo mwa nsalu yaubweya ya kale, chifukwa aluminiyamu sasunga moto. Bokosi la wonga limakhala kumbuyo, pataliko, lotseka, ndipo thumba limabwera limodzilimodzi m'chikwama chachikopa. Wokankha amaima chambali, thupi lake lisayang'anizane ndi kukamwa kwa mzinga, ndipo amagwira ndodo ndi dzanja limodzi, chala chachikulu osachizunguliza, kuti zikavuta ndodo ipulumuke yokha. Akatha, amaboola thumba ndi kawaya kamkuwa kudzera pakabowo kaja, popeza mkuwa suthetheka moto, n'kuikamo kachubu koyatsira komangirira chingwe. Wa nambala 4 amaima kunja kwa gudumu, chifukwa mzinga umabwerera m'mbuyo, ndipo amakoka chingwe mtsogoleri akalamula.

Asilikali a 1863 ankawomba kawiri pamphindi imodzi chifukwa adani anali kubwera. Osewera a lero alibe chowathamangitsa, ndiye malamulo a magulu ambiri amati padutse mphindi zosachepera zitatu asanathirenso wonga. Mzinga ukakana kulira, zinthu zimavuta kuposa pamenepo. Moto ungakhale ukuyenda pang'onopang'ono mkati, choncho onse amaima chilili kudikira, palibe wodutsa kutsogolo kapena wosuzumira. Ukakana mobwerezabwereza amathira madzi pakabowo ndi kukamwa mpaka wonga unyowe, ndiye n'kuukoka ndi ngowe. Mzinga wopanda chipolopolo nawonso umapha: lawi ndi mphepo yake zimavulaza munthu amene waima mamita angapo kutsogolo, n'chifukwa chake oonerera amawaika kuseri kwa chingwe.

Za malamulo ndingonena pang'ono. Ku America boma lalikulu limaona mizinga yothirira kukamwa ngati zida zachikale ndipo silivutitsa kwambiri, ngakhale zigawo ndi mizinda zili ndi malamulo awoawo. Ku Britain mwini mzinga amafunika chiphaso cha mfuti ndi china cha apolisi chomuloleza kugula ndi kusunga wonga. Mmalawi wokhala kumaiko amenewa amene zamukopa ayambe walowa gulu, anyamule ndowa ndi chipukutiro kwa miyezi ingapo asanaganize zogula wake.

Oonerera akabalalika, gulu limatsala ndi ntchito yomaliza. Mwaye wa wonga wakuda umakoka chinyezi ndipo umadya chitsulo usiku umodzi wokha. Amatsuka mpope ndi madzi ndi sopo, madzi oyamba amatuluka akuda bii, akununkha ngati mazira owola, ndipo amabwereza mpaka atuluke oyera. Akaumitsa amapaka mafuta, amaunika mkati ndi tochi kufunafuna mng'alu, kenako amatseka kukamwa ndi chitsekerero chathabwa n'kukweza mzinga pangolo.