Mawu a kompyuta m'nyimbo za filimu amafunika kupuma

Achinyamata ambiri kuno ku Chipata akupangira pa laputopu nyimbo za mafilimu afupiafupi ndi masewero a pa wailesi, ambiri a iwo pogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio. Akandibweretsera ku situdiyo kuti ndimve, mtima wanga umakondwa, makamaka akaikamo mawu oimba opangidwa ndi kompyuta. Koma nthawi zambiri ndimawauza chinthu chimodzi: nyimbo yanu yadzaza, ilibe popumira.

Nyimbo ya pansi pa filimu imagwira woonera mtima iye osazindikira. Usiku m'tchire la ku Luangwa, mantha azibwera okha. Woonera akasiya kumva zimene wosewera akulankhula n'kuyamba kutsata nyimbo, ndiye kuti mwapyola muyeso.

Mapulogalamu oimbawa si a lero. Vocaloid ya kampani ya Yamaha inatuluka mu 2004, ndipo mawu ake ambiri otchuka ndi a Chijapanizi. Apa tili ndi mwayi, chifukwa Chijapanizi chili ndi mavawelo asanu ngati ife, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa vawelo. N'chifukwa chake mawu amenewa amayandikira Chichewa kuposa a Chingerezi. Pomwe amapunthwa ndi pa ph, th, kh ndi ng'. Kampweya kamene kamamveka pa ph, th ndi kh kamasowa, ndipo Mchewa aliyense amamva msanga kuti woimbayu ndi mlendo. Choncho ngati mawuwo ndi akumbuyo chabe, musawapatse ziganizo. Apatseni "uuu", "aaa" kapena "mmm", monga amang'ung'udzira amayi a kwaya pamaliro abusa akulankhula: amamveka, koma salanda uthenga.

Kenaka kupuma. Izi ndiye ndimazilimbikira kwambiri. Kompyuta ikhoza kukoka noti imodzi mphindi yathunthu osatopa, koma khutu la munthu limadziwa kuti chifuwa sichitero, ndipo limayamba kukana. Dulani notiyo pakapita masekondi anayi kapena asanu, musiye kampata. Tengani maikolofoni, mujambule mpweya wanu mukukoka, muuike pakampatapo motsitsa kwambiri. Ngati mawu atatu akuimba pamodzi, asayambire malo amodzi ndendende. Sunthani amodzi mochedwerako pang'ono, ena muwatsitse kachidutswa kosakwana n'komwe theka la noti. Zimenezi zokha zimasintha nyimbo yonse.

Reverb, ija imachititsa mawu kumveka ngati akuimbidwa m'chipinda chachikulu, ndi imene imanyenga ambiri. Mu mahedifoni imakoma, ndiye munthu amangowonjezera mpaka zonse zasanduka phokoso limodzi. Ichotsereni mawu onse apansi pa 200 Hz (Hz ndi muyeso wa kuya kapena kukwera kwa mawu) kuti isalimbane ndi besi ndi ng'oma. Pakati pa 2000 ndi 4000 Hz ndi pamene pamamvekera bwino zolankhula za munthu, choncho pamenepo tsitsani mawu a kompyutawo ndi EQ, chida chotsitsira kapena kukwezera mbali ina ya mawu, kuti malowo akhale a wosewera.

Musanapereke ntchito kwa mwini filimu, itumizeni pa foni, muimvere pa kasipika kake pamodzi ndi zolankhula za osewera, chifukwa anthu ambiri adzaionera pa WhatsApp kapena Facebook. Besi yakuya pa foni imasoweratu, ndiye ngati mantha onse munawaika mu besiyo, palibe amene adzawamve. Itanani munthu amene sadziwa nkhani ya filimuyo, amve kamodzi, kenaka akufotokozereni zimene wosewera wanena. Akaphonya mawu ena, bwererani pa laputopu mukatsitse nyimbo pamalo omwewo.