Damu lalikulu silimalandira nsomba tsiku lomwe madzi alowa

Chaka chilichonse anthu akangogulitsa soya ndi mtedza kuno ku Mchinji, ndimadziwiratu kuti foni yanga iyamba kulira. Mawu ake amakhala omwewo: “Alangizi, nsomba zikuyandama.” Ndikafunsa chimene chachitika amati palibe, angokumba damu lalikulu n'kusamutsiramo nsomba zonse. Vuto ndi lomwelo, ndipo ndalankhula nkhaniyi mpaka pakamwa pauma.

Kukulitsa damu ndi nzeru yabwino. Makumba amaswana msanga, akadzadzana m'kadamu kakang'ono amapinimbira. Koma madzi amene alowa dzulo m'dothi longokumbidwa kumene ndi madzi osapsa. Mulibe ndere, mulibe tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasintha ndowe za nsomba kuti zisasanduke poizoni. Dothi la m'madambo ambiri limakhalanso ndi asidi, n'chifukwa chake timati thirani laimu, lowetsani madzi, ikani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi, kenako dikirani sabata ziwiri kapena kuposerapo mpaka madzi abiriwire. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuonekabe bwinobwino, damulo silinakonzeke. Ngakhale anthu olemera a ku Johannesburg amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'magalasi, okhala ndi makina osefera madzi, amadikira masabata angapo asanaikemo nsomba ngakhale imodzi. Nanga ife a madeya tithamangira kuti?

Amene mukumanga mathanki a simenti, anu ndi mavuto ena. Simenti yatsopano imatulutsa ukali umene umawotcha makha a nsomba. Dzazani madzi, akhalemo masiku angapo, tayani, bwerezani kangapo.

Pali mayi wina wa cha ku Mkanda amene nkhani yake imandiwawabe. Anali mlimi wosamala, wolemba m'kope chilichonse chimene wadyetsa. Analemba aganyu kukumba damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, ntchito yokongola. Damu loterolo limasunga nsomba 600 kapena 1,000 zikachulukitsitsa. Madzi atangodzaza anasamutsa nsomba zake tsiku lomwelo, masana, zitakhuta, zitapanikizana m'ndowa, n'kumazikhuthula ngati akuthira chimanga m'nkhokwe. Unali mwezi wa June, nthawi imene madzi amazizira, nsomba sizidya kwenikweni ndipo bala lililonse la ukonde limachedwa kupola. Poona kuti damu likuoneka lopanda kanthu, anagulanso mbewu (tiana ta nsomba) kwa bambo wina wa panjinga amene anamulonjeza kuti ndi “chambo chokula msanga”.

Zinayamba kufa ziwiriziwiri. Sanaimbe. Mnansi anamuuza kuti athire mankhwala a nkhuku, anathira. Wina anati damu alilodza. Pamene ankandiimbira panali patatha masiku 9, ndipo nditafika ndinapeza nsomba zili ndi zilonda zofiira m'mbali, zina mnofu uli pamtunda. Anandifunsa kuti, “Achimwene, palibe jakisoni?” Ndinasowa chomuyankha. Akanaimba tsiku lachiwiri tikanatseka madzi otuluka, tikanathira laimu, ndipo damu lakale limene anatayiramo madzi a m'ndowa za wanjinga uja tikanaliteteza.

Anthu a kuno simuyenera kukumbutsidwa za zilonda zimenezi. M'chaka cha 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'Malawi muno kuno komwe ku Mchinji, m'dera la mtsinje wa Bua, mpaka boma linaletsa kugwira ndi kugulitsa nsomba za kumeneko. Amayamba ndi kachilombo kofanana ndi fangasi kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamalowera pabala ndipo kamakonda madzi ozizira ndi a asidi. Mwaona mmene damu latsopano losathira laimu, nsomba zovulala ndi mwezi wa June zimakumanirana? Nsomba ikadwala matendawa palibe mankhwala oichiritsa. Aliyense wokugulitsani botolo loti lichiza akungokudyerani ndalama.

Za ogulitsa mbewu a m'misewu ndinene mosabisa. Ambiri amakokola tinsomba mumtsinje, kapena amatenga nsomba zokalamba zopinimbira n'kumati ndi ana. Mudzadyetsa miyezi 6 osaona kusintha. Mbewu gulani kwa woswetsa amene ofesi ya za nsomba ya boma lanu ikumudziwa, ndipo mukaone nokha damu limene ikuchokera. Ikafika isungeni payokha kaye, musaisakanize ndi nsomba zanu zakale.

Tsiku losamutsa, nsomba zigone ndi njala dzulo lake. Gwirani m'mawa dzuwa lisanakwere, pang'onopang'ono, manja ali onyowa. Ndowa ikafika padamu latsopano musakhuthule. Iviikeni m'madzimo kwa mphindi 20, muzithiramo madzi a m'damulo pang'onopang'ono, kenako ipendeketseni nsomba zituluke zokha. Yambani ndi zochepa, muone masiku angapo, zotsalazo zitsatire. Ngati n'kotheka dikirani September madzi afunde. Ndipo mukaona nsomba zikubwera pamwamba kudzayasamula kukamwa dzuwa litatuluka kale, kapena imodzi yokha ili ndi chilonda, siyani kudyetsa, tsekani potulukira madzi kuti asapite kwa anzanu akumunsi, ndipo imbirani mlangizi tsiku lomwelo.